Nthumanzi, kamera ndi TV zikukumana pati?

Tadala: Moni nonse a pagulu pano. Ndayamba kumene kuwerenga zoyambira za maphunziro a media, ndipo pali chomwe chikundizunguza. Mutu woyamba ukukamba za mafilimu a thriller, wotsatira ukukamba za makina ojambulira ndi oonetsera mafilimu, kenako pakubwera za kaulutsidwe ka TV. Ine ndikuona ngati ndi nkhani zitatu zosadziwana: ina ya olemba nthano, ina ya amisiri a kamera, ina ya mainjiniya. Alipo angandithandize kuona pamene zikukumana?

Mwayi: Funso limeneli nanenso ndili nalo Tadala. Koma tisanapite patali, thriller si ndi mafilimu oopsa aja a mizukwa ndi magazi?

Mayi Gondwe: Ayi Mwayi, n'zapachibale koma si chinthu chimodzi. Filimu ya mizukwa imafuna uchite mantha ndi chimene ukuona. Thriller imafuna ukhale ndi nthumanzi ndi chimene sichinachitike. Mukhoza kukhala mulibe mzukwa kapena dontho la magazi, koma mtima uli m'mwamba mpaka filimu kutha.

Alfred Hitchcock, katswiri wotsogolera mafilimu a thriller, analongosola zimenezi pocheza ndi wotsogolera mafilimu mnzake François Truffaut, m'macheza amene anatuluka m'buku mu 1966. Chitsanzo chake chinali cha bomba. Anthu awiri akhala patebulo, akukamba nkhani wamba, mwadzidzidzi bomba laphulika. Oonera adzidzimuka kwa masekondi 15, zathera pomwepo. Tsopano jambulani zomwezo, koma muyambe mwaonetsa oonera kuti pansi pa tebulo pali bomba, ndipo wotchi yapakhoma ikusonyeza kuti kwatsala mphindi 15 kuti liphulike. Macheza wamba aja sakumvekanso wamba. Woonera akufuna akuwe kuti thawani, koma sangathe, ndipo akhala choncho kwa mphindi 15 zonse.

Tadala, taona chimene chasintha. Anthu ndi omwewo, mawu ndi omwewo. Chasintha ndi zimene woonera akudziwa, komanso kutalika kwa nthawi imene akudikira. Ziwiri zimenezi zimadutsa m'makina. Kamera ndi imene imasankha chooneka, mkonzi ndi amene amayeza nthawi, ndipo TV ikalandira filimu imakhudza zonse ziwiri. Mitu yako itatu ija yagwirana pamenepo.

Tadala: Zikomo amayi, ndayamba kuona kuwala. Koma mkonzi amayeza bwanji nthawi? Ine ndimaganiza kuti ntchito yake ndi kungochotsa zolakwika.

Limbani: Pamenepo ndilowererepo, poti ndi ntchito imene ndimagwira. Kuchotsa zolakwika ndi kagawo kakang'ono achemwali. Filimu ndi zithunzi zoima, 24 pa sekondi iliyonse, ndipo ife timawerenga zimenezo chimodzichimodzi.

Tiyerekeze kuti ndili ndi zidutswa zitatu. Choyamba ndi chogwirira chitseko chikutembenuka pang'onopang'ono. Chachiwiri ndi nkhope ya mtsikana ali pabedi akuwerenga, sakudziwa kanthu. Chachitatu ndi foni yake ili patebulo, patali ndi dzanja lake. Ndikayamba ndi mtsikana, chitseko n'kutseguka mwadzidzidzi, ndakudzidzimutsani basi. Koma ndikayamba ndi chogwirira chija, n'kupita pa nkhope, n'kupita pa foni, n'kubwereranso pa chogwirira chitatembenuka pang'ono kuposa poyamba, inu mwayamba kale kuyeza mtunda wa pakati pa dzanja ndi foni. Ndikawonjezera zithunzi 12 pa nkhope ija, ndiye kuti theka la sekondi, mumamva kuti akuchedwa kutukula maso. Ndikawonjezera zambiri, chingwe chimakhwepa, mtima wanu umakhala pansi nthawi isanakwane. Ntchito yonse yagona pa theka la sekondi limenelo.

Mayi Gondwe: Ndipo zimenezi zinadziwika kalekale. Lev Kuleshov wa ku Russia anasonyeza kuti ukaika nkhope imodzimodziyo pafupi ndi zithunzi zosiyana, oonera amaona maganizo osiyana pankhopepo. Pafupi ndi chakudya amati munthuyo ali ndi njala, pafupi ndi bokosi la maliro amati ali ndi chisoni. Wosewera sanasinthe kanthu. Tanthauzo labadwira pamene padulidwa.

Chifuniro: Achimwene Limbani, bwanji 24? Bwanji osati 20 kapena 50?

Limbani: Chinabweretsa nambala imeneyo ndi mawu. Pamene Auguste ndi Louis Lumière ankaonetsa zithunzi zawo kwa anthu olipira ku Grand Café mu mzinda wa Paris pa 28 Disembala 1895, makina ankapukusidwa ndi dzanja. M'nthawi yonse ya mafilimu opanda mawu liwiro silinali lokhazikika, nthawi zambiri linkayambira cha pa 16 kupita m'mwamba, malinga ndi wojambula komanso woonetsa. Diso limalekerera kusinthasintha koteroko, koma khutu silimalola. Liwiro likangosintha pang'ono, nyimbo imapotoka. Ndiye mawu atalowa m'mafilimu cha m'ma 1927, panafunika liwiro limodzi, ndipo anakhazikika pa 24: lokwanira kuti mawu amveke bwino, koma losawononga filimu yambiri, poti riboni yojambulirapo inali yodula.

Panalinso vuto lina. Kuwala kukamathima ndi kuyaka ka 24 pa sekondi, diso limaona kuphethira. Pulojekita inapangidwa kuti chithunzi chilichonse chiziwala kawiri, kukhala ka 48, ndipo kuphethira kuja kumazimiririka.

Chifuniro: Ndasangalala kuti mwatchula mawu, chifukwa ine ndikuona kuti mukukondera diso. Nthumanzi yambiri imalowera kukhutu. Mu Psycho, filimu ya Hitchcock ya mu 1960, wopeka nyimbo Bernard Herrmann anagwiritsa ntchito zida za zingwe zokhazokha, ndipo kulira kwa mavayolini pa gawo limene mayi akuphedwa m'bafa ndi kumene kumagwiritsa anthu tsemwe. Mu Jaws ya mu 1975, filimu ya chinsomba chodya anthu, chinsomba chopanga chimene ankagwiritsa ntchito chinkawonongekawonongeka pojambula, motero wotsogolera filimuyo Steven Spielberg anachionetsa mochepa. Chimene chinkauza anthu kuti chilombo chayandikira ndi manoti awiri obwerezabwereza a wopeka nyimbo John Williams. Woonera akudziwa, wosambira sakudziwa. Ndi bomba lija la amayi, koma laperekedwa kudzera m'khutu.

Limbani: Sindikutsutsa ngakhale pang'ono. Ndingowonjezera kuti chida champhamvu kuposa nyimbo ndi kuichotsa. Mukazoloweretsa khutu phokoso la mufiriji, mphepo, galimoto zakutali, kenako n'kuzimitsa zonse kuti zii, munthu amasiya kupuma osadziwa chifukwa chake. Zimenezi zimagwira bwino m'holo ya kanema momwe muli mdima ndipo palibe china chomveka. Pabalaza pomwe wina akuyankha foni, bata limenelo silifika.

Mwayi: Ndiye mwafika pa mfundo yanga. Ine ndikuti TV imawononga thriller. Sikirini yaing'ono, magetsi oyaka, anthu kulowa ndi kutuluka, ndiye pamene zafika pachimake akudula kuti aike zotsatsa malonda.

Limbani: Kwa zaka zambiri zinali zoipa kuposa mmene ukuneneramu Mwayi. TV itayamba kulanda oonera ku America chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, makampani a mafilimu anafuna kupereka chimene bokosi la kunyumba silikanatha. Kampani ya 20th Century Fox inatulutsa njira ya chithunzi chotambalala yotchedwa CinemaScope mu 1953, filimu yoyamba inali The Robe. Chithunzi chinakhala chachitali m'mbali kuposa kuwirikiza kawiri msinkhu wake, pamene TV inali ya 4:3, kutanthauza magawo 4 m'mbali pa magawo 3 a msinkhu, pafupifupi yofanana mbali zonse. Mafilimu otambalala amenewa atayamba kuulutsidwa pa TV, sankakwana. Njira imene ankaikonda inali pan and scan: kudula m'mbali n'kumatsatira pamene akuganiza kuti ndi pofunika. Pafupifupi theka la chithunzi linkatayika.

Tsono taganizira zimene zimachitikira thriller. Wotsogolera filimu waika mayi kumanzere kwa chithunzi akutsuka m'manja, ndipo kumapeto kwenikweni kumanja, pakhomo, pali chithunzithunzi cha munthu wangoima. M'holo ya kanema aliyense akumuona, mtima ukugunda. Pa TV yakale wodula uja watsatira mayiyo chifukwa ndi amene akuyenda, ndipo munthu wapakhomo uja wadulidwa. Kuli ngati kusuzumira m'chipinda pa kabowo ka kiyi. Woonera sakudziwanso zimene amayenera kudziwa, ndiye akangoona dzanja likugwira mayiyo amangodzidzimuka. Mphindi za nthumanzi zija zabwerera kukhala masekondi, popanda kusintha liwu limodzi la nkhani.

Tadala: Ndiye mizere yakuda ija ya pamwamba ndi pansi pa sikirini ili ndi ntchito? Anthu ambiri amaidandaula, amati chithunzi chachepa.

Limbani: Ili ndi ntchito yaikulu. Ikutanthauza kuti mukuona chithunzi chonse mmene anachijambulira. Ma TV amakono ndi a 16:9, koma mafilimu ambiri ndi otambalala kuposa pamenepo, monga 2.39:1, ndiye mizere imakhalapobe. Musamakoke chithunzi kuti chidzaze sikirini, mumataya za m'mbali.

Palinso china chokhudza nthawi chimene ambiri sachidziwa. TV yakale inkayendera limodzi ndi magetsi a dziko. Kumene magetsi ndi a 50 Hz, kutanthauza kuti amasinthasintha ka 50 pa sekondi, monga ku Ulaya ndi mayiko ambiri a mu Africa, TV inkaonetsa zithunzi 25 pa sekondi, pa mizere 625, ndipo ambiri ankagwiritsa ntchito njira youlutsira yotchedwa PAL. Ku America ndi ku Japan kunali njira ina yotchedwa NTSC, mizere 525 ndi zithunzi pafupifupi 30. Nanga filimu ya 24 ilowa bwanji pa 25? Ankangoithamangitsa. Filimu ya mphindi 120 inkatha pa mphindi 115 ndi masekondi ochepa, ndipo mawu ankakwera pang'ono. Kwa ambiri si nkhani, koma kwa mkonzi amene anavutika ndi theka la sekondi lija, kudikira kulikonse kwafupika ndi magawo 4 pa 100.

Mwayi: Mwaona? Ndiye ndikunena zoona.

Mayi Gondwe: Ukunena zoona pa filimu imene inapangidwira holo n'kukakamizidwa kulowa m'bokosi. Koma usathamangire kuweruza, chifukwa TV ili ndi njira zake zogwirira mtima, ndipo ina mwa izo ndi kudula komwe ukudandaulako. Wolemba sewero la pa TV amadziwa pamene zotsatsa zidzalowe. Amalemba nkhani m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse amachithera pa funso losayankhidwa kuti usasinthe tchanelo. Gawo la sabata ino amalitsekera pamene munthu wathu ali pangozi, iwe n'kukhala masiku 7 ukulingalira. Filimu imodzi ya m'holo ya kanema singakudikiritse sabata yathunthu. Kusiyana kuli apa: kudula kumene wolemba anakukonzekera kumamanga nthumanzi, pamene kudula kumene kwangogwera pakati pa gawo kumaipha.

Ndiponso mbiri ikusonyeza kuti ziwirizi zakhala zikubwerekana. Hitchcock anali ndi pulogalamu yake pa TV kuyambira mu 1955, ndipo Psycho anaijambula ndi antchito ambiri a pulogalamu imeneyo, yopanda mitundu, mwachangu komanso motchipa monga amachitira a TV. Duel ya Spielberg, ya chigalimoto chachikulu chothamangitsa munthu pamsewu, inapangidwira TV mu 1971, kenako n'kukaonetsedwa m'maholo a kanema ku Ulaya. Ndiye kunena kuti TV ndi mdani wa thriller n'kusiya theka la nkhani.

Chifuniro: Ine ndikuwonjezerapo kuulutsa zinthu pamene zikuchitika. Mu filimu, ngakhale mtima ugunde bwanji, pansi pamtima ukudziwa kuti wina analemba mathero. Koma anthu amene ankaonera Neil Armstrong akutsika pa makwerero kuti aponde mwezi mu Julayi 1969, panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa mathero, ngakhale oulutsawo. Chithunzi chinali chosaoneka bwino, komabe palibe anachotsa maso. Mpira wa mapenate ndi chimodzimodzi.

Mwayi: Imeneyo ndi nthumanzi, ndavomera, koma si luso. Palibe amene waikonza.

Chifuniro: Alipo. Pali munthu wakhala m'chipinda chowongolera, patsogolo pake pali masikirini ambiri, ndipo akusankha kamera iti ipite kwa anthu pa sekondi imeneyo. Nkhope ya womenya penate, manja a goloboyi, wochemerera wabisa nkhope. Akuchita zomwe achimwene Limbani amachita ndi chogwirira chitseko chija, kungoti iye alibe mwayi wobwereza.

Tadala: Pepani ndikubwezeni pang'ono. Za kaulutsidwe kenikeniko, chithunzi chimachoka bwanji uko n'kufika kunyumba? M'mabuku akungotchula analogi ndi digito ngati aliyense akudziwa kale.

Mayi Gondwe: Mfundo yake sinasinthe chiyambire pamene John Logie Baird anaonetsa TV yake ku London mu Januwale 1926. Sungatumize chithunzi chonse nthawi imodzi, ndiye umachiduladula n'kuchitumiza motsatizana, wolandira n'kuchimanganso mwachangu moti diso silizindikira. Baird ankachita zimenezi ndi chimbale chozungulira chokhala ndi timabowo. Njira yamagetsi ndi imene inapambana: BBC itayamba kuulutsa mokhazikika kuchokera ku Alexandra Palace pa 2 Novembala 1936 inkayesa njira zonse ziwiri, koma patangopita miyezi yochepa inasiya ya Baird.

Pa analogi, kuwala kwa mzere uliwonse kumasanduka mphamvu ya magetsi yokwera ndi kutsika, imakwera pa mafunde a wailesi kuchoka pa mlongoti kufika pa eriyo yanu. Pa digito chithunzi chimasanduka manambala, n'kupanikizidwa kuti chichepe. Chifukwa cha kupanikizako, malo a m'mlengalenga amene ankanyamula tchanelo imodzi tsopano amanyamula zambiri. N'chifukwa chake mayiko a ku Ulaya, Africa ndi Middle East anagwirizana ku Geneva mu 2006, pansi pa ITU, bungwe la dziko lonse loona za mafunde a wailesi ndi mauthenga, kuti asamukire ku digito pofika pa 17 Juni 2015, ngakhale kuti ambiri anachedwa. Njira imene mayiko ambiri a m'dera limeneli anatsata ndi DVB-T2. Za dishi ndi njira inanso: setilaiti imakhala pa mtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa equator, ikuzungulira pa liwiro lofanana ndi dziko, motero dishi yanu imaloza malo amodzi osasuntha.

Limbani: Ndipo apa thriller imavutikanso mwa njira yatsopano. Kupanikiza kumagwira ntchito potaya zimene makina akuganiza kuti diso siliziona, ndiponso posatumiza kachiwiri mbali za chithunzi zimene sizinasinthe. Malo amdima ndi amene amayamba kudyedwa. Nanga thriller imakhala kuti? Mumdima. Wojambula waunika pakona mwaluso kuti muone kuti mwina pali munthu, mwina palibe. Tchanelo ikapatsidwa malo ochepa, pakona paja pamangooneka timabokosi takuda tikusunthasuntha, ndipo simungadziwe ngati chasuntha ndi munthu kapena ndi vuto la makina. M'holo zamakono filimu imabwera ngati mafayilo a digito otchedwa DCP, ndipo siipanikizidwa mofika pamenepo, ndiye mdima umakhala ndi kuya kwake.

Mwayi: Komanso analogi siginolo ikafooka inkangochita mchenga, nkhani n'kumaitsatirabe. Digito mvula ikagwa imangouma, kapena kuti bii, pamene wakupha akutsegula chitseko.

Limbani: Zoona. Digito imakhala yoyera mpaka pamalire ena, kupitirira apo imagwa kamodzi.

Tadala: Nanga lero, poti ambiri tikuonera pa foni ndi pa intaneti, tili ndi batani loimitsira ndi lothamangitsira? Ngati nthumanzi yagona pa nthawi imene munthu akudikira, ndiye kuti nthawiyo ili m'manja mwa woonera tsopano?

Mayi Gondwe: Funso limenelo ndi lalikulu kwambiri pa onse amene afunsidwa lero, ndipo opanga mafilimu akulimbana nalo. Psycho itatuluka, Hitchcock analamula kuti aliyense wochedwa asalowe filimu ikayamba. Ankafuna kuti woonera adziwe zinthu mwa ndondomeko imene iye anaikonza, osati kuyambira pakati. Mphamvu imeneyo lero palibe ali nayo. Munthu mtima ukamuthamanga amaimitsa, amakamwa madzi, kapena amasuzumira kutsogolo kuti aone ngati mtsikana uja apulumuke. Chimene chatsala kwa wopanga filimu ndi kukuchititsa kuiwala kuti batani lilipo.

Chifuniro: Ine sindikuona ngati zonse zatayika amayi. Munthu wovala mahedifoni ali yekha usiku amamva kupuma kwa wosewera pafupi kuposa mmene akanamvera m'holo. Zina zachepa, zina zakula.

Mwayi: Khutu lapindula, koma munthu wapakhomo uja wa achimwene Limbani pa foni ndi kadontho chabe. Ine ndikadali kumbali ya holo.

Mayi Gondwe: Mukhoza kuziyesa nokha m'malo mokhulupirira ife. Aliyense asankhe gawo limodzi la thriller la mphindi zitatu, aonere katatu. Koyamba muzimitse mawu, muwerenge kuti padulidwa kangati, ndipo muone ngati zidutswa zikufupika pamene ngozi ikuyandikira. Kachiwiri mutembenuke, mungomvetsera, mulembe pamene nyimbo yalowa ndi pamene yasiya. Kachitatu muonere zonse, ndipo pa mphindi iliyonse mudzifunse kuti ine ndikudziwa chiyani chimene munthu wa m'filimuyu sakudziwa. Mwayi ndi Chifuniro, inu muchite pa TV ndi pa foni pomwe, mubweretse zimene mwapeza.

Limbani: Ochita pa TV, yambani mwalowa pa zosintha za chithunzi n'kuzimitsa motion smoothing. Makampani amaitcha mayina osiyanasiyana, ndipo ma TV ambiri amabwera ili yoyatsa kale. Imapeka zithunzi zake n'kuziika pakati pa 24 zija kuti kuyenda kuoneke kosalala, ndiye filimu imaoneka ngati yajambulidwa ndi kamera ya nkhani. Ngati TV yanu ili ndi Filmmaker Mode, sankhani imeneyo, imazimitsa zimenezi yokha.

Tadala: Zikomo kwambiri amayi, zikomo achimwene. Ine nditenga gawo lamdima kwambiri, ndikufuna ndione timabokosi tija ndi maso anga.